Tenda ya Boma: Jeketeli Analiyeza pa Ndani?

Moni a pa boma pa Ntcheu. Moni a ku Lizulu ndi a ku Tsangano kozizira kuja. Moni a kuchigwa, ku Kasinje ndi ku Sharpevale. A pa Kampepuza, a ku Nsipe, a ku Manjawira mpaka ku Senzani, ndakuonani nonse. Amene muli kudimba, kolekani wailesi pamtengo kuti ntchito isaime. Amene muli m'shopu, kwezani mawu pang'ono kuti ogula amve nawo.

Lero tikamba za tenda za boma. Sitikamba zonse ayi. Tikamba za tsamba limodzi la m'buku la tenda, lija limanena kuti woyenera kupikisana nawo ndi munthu wotani. Tsamba limeneli limagwetsa anthu ambiri mpikisano usanayambe n'komwe. Funso lathu ndi ili: zofunika zimene alemba patsambalo zikakutsekerani kunja popanda chifukwa chomveka, mungatani? Mungopukusa mutu n'kukwera kabaza kubwerera kwanu? Kapena alipo malo oti mukadandaule, n'kumvedwa?

Ndiyankhiretu. Malo odandaulira alipo. Koma ali ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo ndi yaifupi. Mawu amenewa muwasunge, tiwafunanso kutsogoloku.

Poyamba tikumbutsane mmene tenda imayendera.

Ofesi ya boma siloledwa kungodzuka m'mawa n'kukagula katundu kwa alamu awo a bwana. Ndalama imene ikugwiritsa ntchito ndi ya msonkho, yanu ndi yanga. Ndiye khonsolo ikafuna kumanga mdadada wa sukulu, chipatala chikafuna nyemba ndi ufa wa odwala, sukulu yogonera komweko ikafuna nkhuni ndi kabichi, ntchitoyo ikakhala yokulirapo imalengezedwa. Amaika m'nyuzipepala. Amamata pa bolodi la zidziwitso. Wofuna amakagula buku la tenda, amadzaza, amaika mu envulopu, n'kukaponya m'bokosi tsiku lotsekera lisanapitirire. Ola likakwana, bokosi limatsegulidwa pamaso pa onse, mitengo n'kuwerengedwa mokweza. Kenaka mapepala amaunikidwa, ndipo komiti ya zogulagula ya ofesiyo, imene amaitchula kuti IPDC, imavomereza wopambana. Ikakhala ndalama yambiri, mapepalawo amapitanso ku Lilongwe, ku bungwe la PPDA, kuti likaone ngati zonse zayenda m'malamulo.

Pakamwa zimamveka bwino. Tsopano tiyeni tione mmene zimakhalira munthu akaima pa bolodi paja.

Tiyerekeze mmisiri wina wa pa Kampepuza. Simukumudziwa dzina, koma amisiri otere mukuwadziwa. Wamanga nyumba za anthu zaka zambiri. Wamanga tchalitchi, wamanga mashopu, ndipo palibe khoma lake lomwe linang'aluka. Bizinesi yake analembetsa. Nambala ya msonkho ya ku MRA ali nayo. Satifiketi ya PPDA ali nayo. Chiphaso cha bungwe loyang'anira zomangamanga ali nacho. Mapepala onsewo amawasunga mu jumbo, kuopa mvula ndi chiswe. Tsiku lina aona chidziwitso cha ofesi ina ya boma: akufuna womanga makalasi awiri ndi zimbudzi. Mtima uti phaa. Iyi ndiye ntchito yake. Agulitsa mbuzi, agula buku la tenda, akhala pansi pamthunzi n'kuyamba kuwerenga ndi chala.

Afika patsamba lija. Akuti wopikisana akhale woti anagwirapo kale ntchito zitatu za boma zofanana ndi imeneyi m'zaka zitatu zapitazi. Akuti ndalama zimene bizinesi yake imapanga pachaka zipose mtengo wa ntchitoyi kangapo konse. Akuti akhale ndi tipa yakeyake, yolembedwa m'dzina lake, osati ya hayala. Akuti abweretse kalata ya ku banki yolonjeza kumukongoza ndalama zankhaninkhani. Chala chaima. Bamboyo apinda buku, alibweza mu jumbo, ulendo wa kwawo. Mbuzi yapita.

Ndikufunseni, omvera. Makalasi awiri akufuna tipa yakoyako? Mchenga sungabwere pa lole ya hayala, monga ubwerera pa nyumba zonse zimene timamanga kuno? Nanga ngati ntchito ya boma ipatsidwa kwa yekhayo amene anagwirapo kale ntchito ya boma, watsopano adzayambira pati?

N'chimodzimodzi ndi amayi a kopaletivi ya ku Tsangano. Mbatatesi amalima okha. Nyemba amalima okha. Kabichi amene amadyedwa ku Blantyre ndi ku Lilongwe, wambiri amakwezedwa pa Lizulu pompa. Koma tenda ya chakudya ikatuluka n'kunena kuti wopereka akhale ndi nyumba yosungiramo katundu mumzinda, amayiwa agwa. Apambana ndi munthu wa ofesi yokongola, amene adzabwere kudzagula kabichi yemweyo kwa amayi omwewo, n'kukagulitsa ku boma pamtengo wokwera.

Tenda yotere ndimaifanizira ndi jekete. Telala akayeza mapewa a munthu mmodzi, mikono yake, mimba yake, n'kusoka, kenaka n'kulengeza pamsika kuti aliyense amene limukwane atenge, kodi pamenepo pali mpikisano? Onse ayesa, koma mwini wake ndi wodziwika kale. Ndiye mukamawerenga tsamba lija, dzifunseni: jeketeli analiyeza pa ntchito, kapena analiyeza pa munthu?

Koma ndisakunamizeni. Apa ndikhota pang'ono, ndipo ena simukondwera.

Si mfundo iliyonse yovuta imene ili yoipa. Boma lili ndi chifukwa chofunsira kuti ndinu ndani, ndipo munachitapo chiyani. Tonse tikukumbukira Cashgate ya 2013, pamene ndalama za boma zinkalipidwa ku makampani amene sanapereke ngakhale msomali umodzi. Tikukumbukiranso za 2022, pamene K750 miliyoni inapita ku kampani ya ku UK yotchedwa Barkaat Foods kuti ibweretse feteleza wa pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP. Pambuyo pake zinadziwika kuti ntchito ya kampaniyo inali yogulitsa nyama. Feteleza sanabwere, ndipo nduna ya zamalimidwe inachotsedwa pampando. Pamenepo pakanakhala munthu wofunsa mwamphamvu kuti, "Kodi inu munagulitsapo feteleza?" bwenzi dziko litapulumuka manyazi aja.

Ndipo m'midzi mwathumu tili nazo nyumba za boma zimene zinaima pa windo, udzu n'kumera m'kati, kontrakitala atathawa. Munthu wofuna kumanga mlatho pa Livulezi afunsidwe ndithu ngati anamangapo mlatho. Madzi a dzinja sasewera. Wofuna kuika phula pamsewu wopita ku Tsangano asonyeze makina ake, asonyeze mainjiniya ake. Pamenepo palibe kukondera. Ntchito yeniyeniyo ndi imene ikulamula.

Ndiye muyeso ndi umenewu, ndipo ndiubwereza. Mfundo ikachokera ku ntchito, ndi yabwino, ngakhale ikupwetekeni. Mfundo ikakhala yoti ntchitoyo ingatheke bwinobwino popanda iyo, ndipo phindu lake n'kungochepetsa opikisana, imeneyo ndi yoyenera kuifunsa.

Tsopano tione zimene malamulo akunena.

Malawi anakhala ndi lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma m'chaka cha 2003, ndipo linakhazikitsa ofesi imene inkadziwika kuti ODPP. M'chaka cha 2017 kunabwera lamulo lina, lomwe linabweretsa bungwe la PPDA. Mtima wa malamulo amenewa ndi umodzi: mpikisano ukhale wapoyera, opikisana ayezedwe ndi muyeso umodzi, ndipo boma lipeze katundu woyenera ndalama yake. Zofunika zonse zilembedwe m'buku la tenda kuyambira pachiyambi. Saloledwa kubwera ndi mfundo yatsopano envulopu zitatsegulidwa kale. Saloledwanso kulemba dzina la kampani imodzi yopanga katundu ngati kuti padziko palibe ina. Akatchula dzina, aonjezere kuti katundu wofanana naye ndi wololedwa.

Pamwamba pa zonsezi pali malamulo aakulu a dziko lino, a 1994. Gawo 29 likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wochita ntchito yopezera ndalama paliponse m'Malawi. Gawo 43 likuti ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokukhudzani, chikhale chotsata malamulo, chopangidwa mwachilungamo, ndipo muli ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zake polemba. Mwamva? Polemba. Kukuuzani pakhomo kuti "ndi mmene zilili, bambo" si yankho limene lamulo likunena.

Tafika tsopano pa funso lathu lija. Mungatani? Makwerero ake ndi atatu, ndipo tiwakwera limodzilimodzi.

Loyamba ndi kalata. Kalata wamba, yopita ku ofesi imene yatulutsa tenda, tsiku lotsekera lisanafike. Buku lililonse la tenda limanena kumene mungatumize mafunso, ndi tsiku lomaliza kufunsa. Tsamba limenelo ambiri timalidumpha, kuthamangira pa mitengo. Musalidumphe. Safunsa anadya phula.

M'kalatamo musalalate. Musanene kuti wakuti ndi wakuba, pamene umboni mulibe. Lembani nambala ya tenda. Tchulani tsamba, tchulani ndime. Kenaka funsani: mfundo yoti tipa ikhale yangayanga ikuthandiza chiyani pa ntchito ya makalasi awiri? Kodi kalata ya mgwirizano wa hayala singakwanire? Kodi ntchito zimene ndinagwirira mipingo ndi mabungwe sizingawerengedwe? Lembani makalata awiri ofanana. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsiku limenelo, mubwerere nayo. Chidindo chimenecho ndiye mboni yanu. Mwalamulo, yankho la funso lotere limapita kwa onse amene anagula buku, ndipo satchula amene wafunsa. Ofesi ikaona kuti mfundoyo inalidi yopyola muyeso, ili ndi mphamvu yoisintha ndi kutalikitsa tsiku lotsekera.

Musaderere khwerero limeneli. Mfundo zambiri zokhwima sizichokera ku chinyengo. Zina zimabwera chifukwa wolemba anangotenga buku la tenda ya ntchito yaikulu, n'kusintha mutu wokha. Zofunika za chipatala chachikulu n'kugwera pa chimbudzi cha sukulu. Zotere kalata imodzi imakonza. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Dandaulani bokosi lisanatsekedwe. Mukangoponya envulopu muli chete, kenaka mutagwa n'kumati mfundo ija inali yokondera, funso loyamba limene mudzafunsidwe ndi lakuti, "Nanga munali kuti nthawi yonseyi?"

Khwerero lachiwiri ndi dandaulo lenileni, lopempha kuti nkhani iunikidwenso. Lamulo limapereka ufulu umenewu kwa wopikisana amene waluza, kapena amene akuona kuti aluza, chifukwa ofesi yaphwanya malamulo a kagulidwe. Dandaulo limapita kwa mkulu wa ofesiyo. Ku khonsolo ndiye kuti kwa a DC. Likhozanso kupita ku PPDA, kumene komiti yapadera imamva mbali zonse ziwiri. Komitiyo ikapeza kuti zinalakwika, itha kuimitsa zinthu n'kulamula kuti zikonzedwe. Lamulo la 2017 linaikanso kuti pa ntchito zikuluzikulu, ofesi iyambe yalengeza amene ikufuna kumupatsa, n'kudikira masiku 14 isanasaine kontrakiti. Masiku amenewo si okongoletsa nyuzipepala. Anaikidwira inu amene muli ndi dandaulo.

Apa ndi pamene mawu aja ndinati musunge akugwira ntchito. Kwathu kuno timati mlandu suola. Zoona, kubwalo la mfumu suola. Koma mlandu wa tenda umaola, ndipo umaola msanga. Masiku odandaulira ndi owerengeka. Malamulo ake amakonzedwanso nthawi ndi nthawi, choncho masiku enieni muwaone m'buku la tenda limene mwagulalo. Kontrakiti ikasainidwa, maziko n'kukumbidwa, ngakhale woweruza amaganiza kawiri asanagwetse zimene zayambika.

Khwerero lachitatu ndi khoti. Pano ndiyankhula mosabisa, chifukwa anthu ambiri amalowa m'khoti ndi chiyembekezo cholakwika.

Nkhani yotere sipita kwa majisitireti pa boma pano. Mphamvu younika ziganizo za boma ili ndi bwalo lalikulu la High Court. Ndiye kuti ulendo wa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Zomba. Pafunika loya. Pafunika ndalama. Ndipo pempho lotere liyenera kufika kukhoti miyezi itatu isanathe chipangireni chiganizocho. Woweruza adzafunanso kudziwa ngati munayamba mwadzera makwerero awiri aja.

Chinanso n'chakuti khoti silidzakupatsani tenda. Ndibwereze: khoti silisankha wopambana. Oweruza amadziwa kuti iwo si mainjiniya. Amapereka mpata waukulu kwa ofesi kuti inene chimene ikufuna kugula. Chimene khoti limafunsa ndi ichi: kodi amene anaika mfundoyi anali ndi mphamvu yoiika? Kodi anatsata ndondomeko? Kodi mfundoyi ikugwirizana ndi ntchito, kapena ndi yoti munthu wanzeru zake sangaiike? Likapeza cholakwa, limafafaniza mfundoyo kapena tenda yonse, n'kuti yambiraninso. Mukatero mwabwerera pamzere pamodzi ndi anzanu. Mutha kupambana, muthanso kugonja.

Kodi zinachitikapo kuti khoti lagwetsa mfundo zotere? Zinachitika. Ndikupatsani zitsanzo ziwiri zakunja, chifukwa chilichonse chili ndi phunziro lake kwa ife.

Choyamba ndi cha ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa ntchito. M'chaka cha 2017 nduna ya zachuma ya kumeneko inatulutsa malamulo olola maofesi a boma kusefa opikisana pakhomo penipeni, potengera mfundo zotukula anthu akuda amene anaponderezedwa nthawi ya tsankho. Wosakwanitsa mfundozo, envulopu yake sinkayang'anidwa n'komwe. Bungwe la amalonda lotchedwa Afribusiness linapita kukhoti. Nkhani inakwera mpaka ku khoti lalikulu loona za malamulo a dzikolo, ndipo mu February 2022 linagamula kuti malamulo a ndunawo ndi osagwira ntchito. Tamverani chifukwa chake. Khoti silinanene kuti kutukula anthu akuda n'kulakwa. Linati nduna inadzipatsa mphamvu imene lamulo la aphungu silinaipatse. Cholinga chikhoza kukhala chabwino, koma woika mfundo akhale amene lamulo lamuloleza.

Phunziro limeneli litikhudza. Kwathu kuno lamulo la 2017 linanena kuti pa mpikisano wa m'dziko momwe muno, 60 peresenti ikondere Amalawi akuda, eni nthaka. M'chaka cha 2020 kunatulukanso lamulo lina lopereka mpata kwa mabizinesi ang'onoang'ono, ndi kwa amayi, achinyamata ndi anthu aulumali. Kumeneku nakonso n'kusefa opikisana, tisadzinamize. Koma kusefa kumeneku kunalembedwa m'malamulo, poyera, ndipo gawo 20 la malamulo aakulu, lomwe limaletsa tsankho, limalolanso kupanga malamulo ochepetsa kusiyana pakati pa anthu. N'zosiyana ndi mfundo imene munthu mmodzi wailowetsa m'buku la tenda ali yekha mu ofesi, chitseko chili chotseka. Ndipo inu a bizinesi yaing'ono, dziwani kuti malamulo otere ndi chida chanu. Tenda yaing'ono ikabwera ndi zofunika zimene kampani yaikulu yokha ingakwanitse, funsani m'kalata muja kuti zikugwirizana bwanji ndi lamulo la 2020.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha ku India. Boma la dera lina lotchedwa Chhattisgarh linkafuna kugula zipangizo zamasewero za ana a sukulu. M'tenda analemba kuti wopikisana akhale woti anagulitsapo kale katundu wotere ku maofesi a boma a dera lomwelo m'zaka zitatu zapitazo. Kampani ina yotchedwa Vinishma Technologies inakana. M'chaka cha 2025 khoti lalikulu la dziko la India linagwirizana nayo. Linati mfundoyo ikutsekera kunja anthu odziwa ntchito popanda chifukwa, n'kusiya msika m'manja mwa ochepa omwe anali kale m'kati. Mpira ndi mpira, kaya unaugulitsa kudera lino kaya kudera lina.

Mwaona kufanana kwake ndi mmisiri wathu wa pa Kampepuza? Koma chitsanzo chimenechi chili ndi mbali ina imene ikutiluma ife tomwe, ndipo ndiyenera kuinena.

Kangati tamva pamisonkhano anthu akuti, "Ntchito za ku Ntcheu zizipatsidwa kwa ana a ku Ntcheu"? Manja amaombedwa. Ndikumvetsa kumene mawuwa akuchokera. Zimawawa kuona galimoto ya kontrakitala wochokera kutali ikubwera ndi anthu ake, ngakhale okumba maziko, anyamata a m'mudzimo ali chiimire. Koma taganizani. Tikalemba kuti wopikisana akhale wa ku Ntcheu yekha, mawa a ku Dedza alemba zawo, a ku Balaka alemba zawo, a ku Neno chimodzimodzi. Mmisiri wa pa Manjawira, amene Balaka ali naye pafupi kuposa pa boma, mwamutsekera khomo ndi dzanja lanu lomwe. Walira mvula walira matope. Gawo 29 lija likuti paliponse m'Malawi. Chimene tingapemphe, ndipo n'chomveka, n'chakuti wopambana alembe anthu a m'deralo pa ntchito zimene angathe, ndi kugula mchenga, miyala ndi chakudya kwa eni dera. Koma jekete losokera ife tokha ndi jekete lomwe lija tikulidandaula.

Tsopano tikambe chimene chimagwira anthu miyendo. Si kusadziwa malamulo kokha. Ndi mantha.

Ntcheu ndi yaing'ono. Amene mukumulembera kalata yodandaula mukumana naye kutchalitchi Lamulungu. Mukumana naye pamaliro. Mwina ana anu ali kalasi imodzi. Ndiye munthu amati, "Ndikalankhula, sadzandipatsanso ngakhale kotesheni ya choko." Mantha amenewa si opusa, ndipo sindingakuuzeni kuti zotere sizichitika. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti mwalamulo, kuletsa munthu kuchita malonda ndi boma ndi mphamvu ya PPDA, pa zifukwa monga chinyengo kapena kuthawa ntchito, ndipo munthuyo amayamba wamvedwa. Kudandaula si mlandu. Komanso mbewa yamanyazi inafera kuuna. Mukakhala chete chaka chino, buku lomwelo adzalikoperanso chaka chamawa, ndi tipa yake yomweyo.

Njira yochepetsera mantha ndi kusayenda wekha. Ngati mfundo yagwetsa inu, yagwetsanso anzanu asanu. Lembani kalata imodzi, musaine nonse, kapena idzere ku bungwe lanu la amalonda. Munthu mmodzi amatchedwa wovuta. Anthu khumi akafunsa funso limodzi, ofesi imakhala pansi. Ndalama ya loya nayonso imapepuka ikasonkhedwa. Mutu umodzi susenza denga.

Kugwirizana kumeneku kumathandizanso pa mfundo zija zili zoyenera koma zakukulirani. Mabuku ambiri a tenda amalola makampani awiri kapena atatu kulowa ngati amodzi. Wina ali ndi makina, wina ali ndi mbiri ya ntchito, wina banki imamudziwa. Mukaphatikiza, mwakwana. Koma mgwirizanowo ulembedwe, aliyense adziwe gawo lake ndi phindu lake, chifukwa ubale wambiri wathera pa cheke choyamba. Ndipo chenjerani ndi akuluakulu ena amene amabwera kudzabwereka dzina lanu ndi satifiketi yanu, kuti aoneke ngati bizinesi yaing'ono ya mayi wa kumudzi. Adzakupatsani kangachepe. Ntchito ikadzaonongeka, dzina lolembedwa pa kontrakiti ndi lanu, ndipo MRA idzagogoda pakhomo panu.

Nanga mukaona kuti nkhani si mfundo yokhwima chabe, koma pali kudyerana? Pamenepo khomo ndi lina, la bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Bungwe limeneli lili ndi mphamvu yoimitsa tenda pamene likufufuza. Linachitapo zimenezi mu 2021 pa ntchito ya njanji ya Marka kukafika ku Bangula, ndipo mapeto ake tenda ija inachitidwanso. Koma kumeneko pitani ndi zimene mwaona ndi zimene muli nazo papepala. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pali mtengo wina umene tisauiwale. Tenda ikaima chifukwa cha chiletso cha khoti, amene amadikira si kontrakitala yekha. Ana aja akuphunzirabe pansi pa mtengo. Odwala akudikirabe nyemba. Ndalama ya chaka chimenecho ikhoza kubwerera osagwira ntchito. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira pa kalata yoyamba ija. Ndi yotchipa, ndi yachangu, ndipo siimitsa chitukuko. Khoti likhale pothera, pamene makomo ena onse akana kutseguka.

Ndisanatseke, mawu awiri kwa inu amene mumakhala mbali inayo ya tebulo. Inu a zogulagula, inu a m'makomiti a IPDC, ndikudziwa ena mukumvera. Ntchito yanu ndi yovuta. Kontrakitala akathawa, amene amafunsidwa ndi ofufuza mabuku ndinu. Ndiye mumakhwimitsa mfundo kuti mudziteteze. Koma musanasindikize buku, tengani mfundo iliyonse, muyese kulemba chifukwa chake m'mizere iwiri. Tipa ikhale yakeyake chifukwa chakuti... Mukaona cholembera chikukana kuyenda, ichotseni mfundoyo. Woweruza akadzafunsa, adzafuna mizere iwiri yomweyo. Ndipo kalata ya wodandaula ikafika patebulo panu, muiyankhe polemba, nthawi isanathe. Opikisana akachuluka mitengo imatsika, ndipo ndalama yotsalayo ndi madesiki a m'makalasi omwewo.

Nthawi yatithera, omvera. Sabata yamawa tidzatenga mbali ina ya nkhani yomweyi, imene ambiri mwakhala mukuidandaula: tenda mwapambana, katundu mwapereka, koma malipiro akuchedwa miyezi, ngongole ya katapila ikukula. Tidzaona zimene kontrakiti yanu imanena pa kuchedwa kotere, ndi kumene mungapite. Amene muli ndi makontrakiti m'nyumba, muwafunefune, mudzakhale nawo pafupi ndi wailesi.